Kupalasa njinga m'misewu yafumbi ya m'mapiri ndi m'nkhalango zozungulira Lilongwe: mafunso ndi mayankho

Opalasa njinga ambiri a mumzinda muno amangolimbirana tala ndi mathiraki pa msewu wa ku Mchinji kapena wopita ku bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo ena chigulire njinga sanapondepo fumbi. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa kukoma kwa dera lino kuli kuseri kwa tala, m'misewu ya ngolo yolowera ku Dzalanyama, ku Nkhoma ndi ku Chongoni. Koma misewu imeneyi ili ndi eni ake, anthu amene amayendamo tsiku ndi tsiku kusaka chakudya cha ana, ndipo ife opalasa mongosangalala timalowamo ngati alendo. Mayankho ambiri m'munsimu achokera pamenepo.

Kodi njinga ya gravel ndi yotani? Ndiyenera kugula kaye ndisanayambe?

Mukaionera patali mungayese ndi njinga ya mpikisano wa pa tala, poti mahandulo ake ndi opindikira pansi omwe aja. Kusiyana kuli pa matayala. Felemu yake ili ndi mpata wokwana matayala onenepa a mamilimita 38 mpaka 50, mabuleki ndi a disiki, ndipo magiya ake ndi opepukirapo pa chitunda. Masewerawa anatchukira ku America, kumene mpikisano wa mamailosi 200 umene lero umatchedwa Unbound Gravel unayamba mu 2006 ku Emporia, m'chigawo cha Kansas. Bungwe la UCI, loyang'anira masewera a njinga pa dziko lonse, linachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse ku Italy mu 2022, ndipo ku Kenya kuli Migration Gravel Race yodutsa m'dera la Maasai Mara.

Musadikire kugula. Mountain bike yakaunjika, bola mabuleki akugwira ndipo magiya akusintha, ikufikitsani kulikonse kumene ndatchula pano. M'malo amiyala ndiyo imachitanso bwino kuposa ya gravel. Imene sindingakulangizeni ndi ya pa tala ya timatayala toonda ta mamilimita 25, chifukwa tsiku lidzathera kukankha mumchenga ndi kumata chubu.

Lilongwe ndi wachidikha. Mapiri ndi nkhalangozo zili kuti?

Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, pakati pa chidikha chotakata, koma chidikhacho chazunguliridwa ndi mapiri. Kum'mwera chakumadzulo kuli mtandadza wa Dzalanyama. Kum'mwera kuli phiri la Bunda. Mukalowera njira ya ku Blantyre mupeza Nkhoma, Chongoni ndi Dedza, pamene kumpoto chakum'mawa kuli zitunda za ku Dowa ndi Ntchisi. Ndiponso musanyozere chidikhacho: msewu umatsikira m'dambo lililonse n'kukweranso, ndipo timitunda timeneti ndi timene timamaliza miyendo munthu asanafike n'komwe kuphiri.

Ndangoyamba kumene. Ndiyambire njira iti?

Dzerani ku Likuni, mudutse pa Chigwirizano kulowera ku Malingunde, kumene kuli madamu awiri a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe. Loyamba linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989, ndipo ndi amene amamwetsa mzinda wonse. Mitunda yake ndi yofatsa, malo ogulitsira zinthu ali pafupipafupi, ndipo mukatopa simusowa galimoto yobwererera. Madamuwa ali m'manja mwa Lilongwe Water Board, choncho pomwe pali mlonda imani mupemphe kaye.

Njira ina ndi ya ku Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Mupite pa tala mpaka ku sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, kenako muzungulire phirilo m'tinjira ta m'minda ndi m'midzi yolowera ku Mitundu. Paphiripo pamakhala anthu opemphera usana ndi usiku. Ngati mukufuna kukwera pamwamba, njinga isiyeni pansi m'manja mwa munthu, mukwere wapansi mwakachetechete.

Nanga Dzalanyama? Aliyense amangoitchula.

Amaitchula pa chifukwa. Nkhalango ya Dzalanyama ili makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda podzera ku Likuni. Inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo msana wa mapiri ake, amene amapitirira mamita 1,600, ndiwo malire a dziko lino ndi Mozambique. Mitsinje ya Lilongwe ndi Likuni imachokera mmenemo. Madzi amene mwathira m'botolo pa mpopi wa kwanu m'mawa, mukupita nawo kumene anachokera.

Ndi nkhalango ya miombo: mitengo ya tsamba, mombo, misuku ndi miwanga, yotalikirana bwino moti kuwala kumafika pansi. Misewu yamkati ndi yakale ya a zankhalango, pena yolimba ndi yothamangika, pena miyala yoyenda pansi pa tayala, pena mchenga pa mawoloko a timitsinje. Chimene chimandikoka kwambiri ndi mwezi wa Seputembala, pamene masamba atsopano amatuluka ofiira ndi achikasu mvula isanagwe n'kamodzi komwe, phiri lonse n'kusintha mtundu. Okonda mbalame amabwera kuchokera kutali kudzafuna gogomole wosowa wotchedwa Stierling's woodpecker, amene amapezeka m'madera ochepa chabe a Malawi, Tanzania ndi Mozambique.

Kwa Achewa malo amenewa si nkhalango wamba. Makolo amati pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewa, ndi pomwe mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira pamodzi ndi nyama, mapazi awo n'kudindika pathanthwe lidakali lofewa. Kachisi wa mvula wa Makewana, ku Msinja, ali chakufupi komweko. Malo oterewa sapitako munthu yekha ndi foni m'manja. Mumadzera kwa amfumu, iwo n'kukupatsani wokuperekezani.

Kupita ndi kubwerera tsiku limodzi kuchokera m'tauni ndi ulendo wopitirira makilomita 100, wa anthu ozolowera. Ena onse ndi bwino kunyamula njinga pa galimoto mpaka pafupi ndi chipata, kapena kukagona ku Dzalanyama Forest Lodge n'kupalasa m'mawa kusanatenthe. Pachipata imani, nenani kumene mukupita ndi nthawi imene mutuluke.

Ndimamva kuti mumakhala anthu ootcha makala. Kodi si zoopsa?

Mudzakumana nawo ndithu, makamaka m'mamawa, ali pamzere kulowera m'tauni, njinga iliyonse itasenza matumba atatu kapena kuposerapo, osanjikizidwa mpaka kupitirira mutu wa mwini wake. Ambiri sakufunirani choipa chilichonse. Chimene muyenera kudziwa ndi chakuti munthu wosenza katundu wotere sangaime msanga pamtsetse, ndipo akasiya mzere wolimba wa msewu n'kulowa mumchenga amagwa ndi katundu yense. Inu ndi amene muli ndi njinga yopepuka. Patukani, mum'siyire polimba, mupereke moni. Pachitunda mukam'peza akukankha thukuta lili kamukamu, kum'gwirira kumbuyo mpaka pamwamba sikukuchedwetsani kwenikweni.

Musawajambule. Kuotcha makala opanda chiphaso ndi mlandu pa lamulo la zankhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, ndipo munthu woloza kamera amayesedwa kazitape. Mukaona utsi wa uvuni mkati mwa nkhalango, kapena mukamva nkhwangwa, musapatukireko. Pitirirani pa msewu waukulu, ndipo ngati mukufuna kunena, kaneneni kwa a zankhalango mutatuluka.

Nkhaniyi imandiwawa. Kudula mitengo kunafika poipa moti mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi, a Lilongwe Water Board akuthandizapo, poona kuti gwero la madzi likuuma. M'mphepete mwake mudzadutsa malo amene kwatsala zitsa zokhazokha, dzuwa likuswa mtengo pomwe kale panali mthunzi. Koma makala aja sathera ku Malingunde. Amathera m'mbaula za ku Chinsapo, ku Kawale, ku Area 25, ngakhalenso m'nyumba za mipanda za ku Area 47 magetsi akazima. Munthu amene wakwanitsa kugula njinga yamagiya angakwanitsenso silinda ya gasi, ndipo ndikuona kuti wopalasa aliyense wokonda mthunzi wa Dzalanyama ayenera kuyambira kukhitchini kwake asanaloze chala bambo wokankha matumba.

Ndikufuna zitunda zenizeni. Ndipite kuti?

Ku Nkhoma ndi ku Dedza. Mukatsata M1 kulowera kum'mwera, mumakhota pa Kamphata kupita ku mishoni ya Nkhoma, imene amishoni a Dutch Reformed Church anaikhazikitsa mu 1896. Ili makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda, patsinde pa phiri lotalika mamita pafupifupi 1,780. Tala amathera cha kumishoni, ndipo misewu yafumbi yozungulira phirilo ndi yokwera ndi kutsika popanda popumira. Ubwino wake ndi wakuti chipatala ndi msika zili pomwepo.

Boma la Dedza lili makilomita 85 kuchokera ku Lilongwe, pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Msewu wa a zankhalango wokwera phirilo umadutsa m'mapaini mpaka ku nsanja za mauthenga pamwamba. Ndi chikweza chachitali chofuna giya yopepukitsitsa ndi mtima wodekha, ndipo potsika manja amachita dzanzi ndi mabuleki. Mu Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, chifunga chili tolo, choncho jekete lisatsale.

Pakati pa Linthipe ndi Dedza pali nkhalango ya Chongoni, imene kwa ine ndiyo yokoma koposa kupalasamo: misewu yofiira yokhotakhota pakati pa mapiri a matanthwe. M'mapanga ake muli zojambula zakale pa malo 127, zomwe UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Ku Chentcherere ndi ku Mphunzi mungafike pafupi ndi njinga. Tengani wokuperekezani wa m'deralo, ndipo zojambulazo musazikhudze kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi, chifukwa zimafufutika.

Ntchisi bwanji?

Ndi ulendo wogonera. Phiri la Ntchisi lili ndi nkhalango yobiriwira chaka chonse, ya mitengo italiitali ndi zilambe, yosiyana kotheratu ndi miombo. Tinjira ta mkati mwenimweni ndi ta oyenda pansi. Njinga ndi ya m'misewu ya m'zitunda zozungulira, kumene kukacha bwino mumaona nyanja ya Malawi chapatali.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala itasiya, nthaka ikadali yogwirana, fumbi lisanachuluke, ndipo kunja kuli kozizira. Vuto la miyezi imeneyi ndi mphepo ya mwera yochokera kum'mwera chakum'mawa. Konzani ulendo woti mulimbane nayo popita mphamvu zikadalipo, kuti pobwerera izikukankhani. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo mdima suchedwa.

Seputembala mpaka Novembala kumatentha, mchenga umakula, ndipo moto wolusa wa osaka mbewa umadzaza utsi m'tchire. Nyamukani kusanache, pofika 10 koloko mukhale mutamaliza zitunda. Chakumapeto kwa nyengoyi masuku amakhala atapsa, ana akugulitsa m'mbali mwa msewu.

Dzinja ndi lokongola, nkhalango yabiriwira, bowa ali mbwee, koma walira mvula walira matope. Apa dziwani dothi. Katondo wofiira amaterera akangonyowa koma sachedwa kuuma. Mukadikira maola ochepa dzuwa litawala, mudutsa. Makande akuda a m'dambo ndiwo oipa. Amamatirira pa tayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo mukakakamiza kupalasa mumathyola kachitsulo kogwira magiya akumbuyo. Mukaona tayala layamba kunenepa ndi dothi, tsikani, nyamulani njinga paphewa. Mtsinje wodzaza musawoloke, ngakhale pamene muli sipanagwe dontho: mvula ikagwa ku Dzalanyama madzi amatsika mwadzidzidzi.

Tayala likaphwa kumudzi, okonza njinga a pansi pa mtengo angandithandize?

Pa zambiri, inde, ndipo luso lawo musalipeputse. Kumata chubu, kuwongola limu, kumanga masipoko, amachita bwino ndi zipangizo zochepa. Chimene alibe ndi zida za njinga yanu. Njinga zambiri za kumudzi zili ndi magudumu a mainchesi 26 kapena 28 yakale ija, ndipo tayala la 28 limeneli silikwana pa limu ya 700c, saizi ya njinga zambiri za gravel, ngakhale manambala akuoneka oyandikana. Tcheni chawo ndi chonenepa, cha njinga yopanda magiya, sichilowa pa magiya 10 kapena 11. Pampu yawonso nthawi zambiri sigwira vavu yoonda ya Presta.

Choncho nyamulani zanu: machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, pampu, masipanala a alanki, kolumikizira tcheni, ndi kachitsulo kapadera kogwira magiya akumbuyo kaja. Minga ya mthethe ndiyo imaboola kwambiri. Matayala opanda chubu, othiramo mankhwala otseka pobooka, amachepetsa vutoli, koma mankhwalawo amauma msanga nyengo yotentha, ndiye muziwonjezera pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Ndipope mpweya wochuluka bwanji?

Wocheperapo kuposa umene mukuganiza. Munthu wa makilogalamu 70 pa tayala la mamilimita 40 lopanda chubu angayambire pa 30 mpaka 35 psi (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu). Ngati muli ndi chubu onjezerani pang'ono kuti chisatsinidwe pamwala. Tayala lolimba gwa limadumphadumpha pa mabampu aja ondondozana ngati malata, manja n'kutopa, gudumu n'kumaterereka pokhota. Pamchenga khalirani kumbuyo kwa chishalo, ikani giya yopepuka, musaleke kupalasa, ndipo mahandulo musawaumirire.

Madzi ndi chakudya ndinyamule zochuluka bwanji?

Nyengo yotentha werengerani theka la lita kapena kuposerapo pa ola lililonse. M'midzi mijigo ilipo yambiri. Perekani moni kwa amayi amene mwawapeza, dikirani mpaka akupatseni mpata, musalowerere mzere. Mkati mwa Dzalanyama mulibe mjigo kapena okala, ndiye lowani mabotolo ali odzaza. Thukuta likachuluka madzi okha sakwanira: mu lita imodzi sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, kapena nyamulani mapaketi a Thanzi.

Chakudya gulani m'njira. Nthochi, mbatata yootcha, chinangwa chophika, zitumbuwa, mtedza ndi thobwa zimayendetsa njinga bwino lomwe, ndipo ndalamayo imatsala m'mudzi umene mwadutsamo. Nyamulani ndalama zing'onozing'ono, poti netiweki ya Airtel Money kapena Mpamba imasowa m'zigwa.

Ndikapeza masamba atayalidwa pamsewu, kapena ndikakumana ndi Gule, nditani?

Masamba kapena nthambi zoyalidwa chopingasa msewu ndiye kuti pali maliro. Tsikani, vulani chisoti, zimitsani nyimbo ngati munatsegula, kankhani njinga mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Wakabaza amatsika, wamakala amatsika ndi katundu wake yense, inunso tsikani. Palibe liwiro la pa Strava, pulogalamu ya pa foni yoyezera liwiro la opalasa, limene lingapose ulemu wa pa siwa. Mukakhala gulu, wotsogola aziuza anzake msanga kuti onse atsikire pamodzi.

Madera onsewa ndi a Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo zilombo zimatuluka kwambiri anthu akakolola, nthawi ya ziliza, chinamwali ndi kulonga mafumu. Mukaziona zikubwera, patukani, tsikani, mudikire zidutse. Musajambule popanda chilolezo, musazitsatire, musaziseke. Zikaima patsogolo panu, kandalama koika pansi mwaulemu kamatsegula njira.

Dziwaninso ichi, chifukwa alendo ambiri amalakwa pomwepa: kamsitu ka mitengo yachilengedwe italiitali kotsala pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo kwina ndi komwe kuli dambwe. Mthunzi wake ukoke bwanji, si popumira, si podyera, ndipo si pokodzera.

Ndine mayi. Zovala zothina za panjinga sizingandibweretsere mavuto kumudzi?

Mukakhala pa njinga anthu amangoyang'ana n'kupitiriza zawo. Mawu amabwera mukatsika pamsika kapena pamjigo. Amayi ambiri opalasa amavala kabudula womasuka pamwamba, kapena amasunga chitenje chopepuka m'kachikwama n'kumanga akangotsika. Pamaliro ndi pakhomo pa amfumu chitenje n'chofunika ndithu. Abambonso kabudula wothina yekhayekha pamaso pa agogo sapereka ulemu. M'nkhalango musapite nokha, kaya ndinu mayi kaya bambo; atatu ndiye bwino, kuti wina akavulala mmodzi atsale naye, wina akaitane anthu.

Mapu a pa foni ndi odalirika?

Pang'ono. Google Maps imasowa tinjira tambiri, ndipo pena imaonetsa msewu pomwe mlatho unakokoloka kale. Mapu a OsmAnd kapena Komoot otsitsiratu mu foni amathandiza netiweki ikasowa. Koma safunsa anadya phula. Funsani wakabaza, ndiye amadziwa mlatho umene ulipo ndi dambo limene lajejemetsa anthu sabata ino. Yambani ndi moni: "Mwaswera bwanji bambo? Zikomo, ndifunse nawo njira ya ku Mitundu." Tchulani dzina la msika, sukulu kapena mfumu, osati makilomita. Mukauzidwa kuti "ndi pompano", funsaninso kuti pa njinga amayenda nthawi yaitali bwanji.

Ku Dzalanyama samalani ndi tinjira tokwera kumadzulo mpaka pamsana pa phiri. Mulibe mpanda kapena chikwangwani, ndipo mukhoza kutsikira ku Mozambique osadziwa.

Zoopsa zenizeni ndi ziti?

Choyamba ndi njinga zamoto za kabaza ndi malole, makamaka nyengo ya fodya. Lole ikadutsa, fumbi limatseka maso, ndipo m'fumbimo mukhoza kutulukira ngolo kapena njinga ina. Imani pambali mpaka liyere. Chachiwiri ndi ana ndi mbuzi m'midzi: chepetsani liwiro, imbani belu mukadali patali, ndipo ana akamathamangira njinga musawaponyere maswiti, chifukwa mawa adzathamangira galimoto.

Galu akakuthamangitsani, imani, njinga ikhale pakati pa inu ndi iye. Akakulumani, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukalandire katemera wa chiwewe, ngakhale bala likhale laling'ono. Zipatala za Likuni, Mitundu, Nkhoma ndi Dedza ndizo zili pafupi ndi njira zimenezi. M'tinjira ta m'mphepete mwa mitsinje chenjerani ndi chitedze nthawi yachilimwe, chikakukhudzani musakande.

Ndikafika kunyumba, njinga ndiisamalire bwanji?

Fumbi likasakanikirana ndi oyilo limadya tcheni ndi mano a magiya mofulumira. Pukutani tcheni ndi kansanza mukangofika, thirani oyilo pang'ono pa mfundo iliyonse, kenako pukutaninso wotsala kunja. Oyilo wakuda wotsala mu injini ya galimoto musathire. Potsuka gwiritsani ntchito ndowa ndi burashi, osati mpope wamphamvu wa kotsukira magalimoto, umene umakankhira madzi m'mabering'i. Mukapalasa m'matope yang'anani mapadi a mabuleki, chifukwa ulendo umodzi wa dzinja ukhoza kuwamaliza, ndipo a njinga za disiki sapezeka m'sitolo iliyonse. Gulani awiriawiri mukawapeza.